TITHOKOZE WOSEMA NG'OMA

Pa gule wa pamudzi anthu atama wovina, nafupa woimba ng'oma, koma dzina la mmisiri amene analowa m'thengo kukadula mtengo, naugoba, naukuta ndi chikopa, palibe alitchula. Gule akatha onse apita kukagona okondwa, ndipo wosema uja akumbukika tsiku lokhalo limene ng'oma yang'ambika. Abale okondedwa, mwezi uno tifuna kukamba nanu za osema ng'oma a mtundu wina, amene zipangizo zao zalowa kale m'nyumba zambiri, ngakhale eni nyumba sadziwa maina ao.

Kapena munaonapo mnyamata atakhala pa khonde madzulo, lamya iri m'manja, zomvera ziri m'makutu, zala ziri kugogoda pa galasi. Mukamfunsa kuti, "Kodi uli kuchita chiani, mwanawe?" iye ayankha kuti, "Ndiri kupanga nyimbo, bambo." Ndipo akakumvetsani, mumva ng'oma, limba, chitoliro ndi mau a anthu, zonse kutuluka m'kanthu kokwana m'thumba la malaya. Chimene chichita zimenezi achitcha pulogalamu, ndipo achinyamata amati app. Pulogalamu ndiyo mndandanda wa malamulo olembedwa ndi munthu, ouza lamya chochita pamene chala chakhudza apa kapena apo. Palibe pulogalamu imene inamera yokha monga bowa. Iri yonse inalembedwa mzere ndi mzere, ndipo zambiri mwa zabwino zoimbira zinalembedwa ndi munthu mmodzi kapena awiri okha, opanda kampani yaikulu yowalipira pa mwezi.

AMISIRIWO NDANI?

Msika wa mapulogalamu wa kampani ya Apple, wotchedwa App Store, unatsegulidwa mu Julayi 2008, ndipo wa malamya a Android unatsata mu Okutobala chaka chomwecho. Umenewu ndiwo utchedwa Google Play kuyambira 2012. Misika iyi inapatsa mwai munthu wamba wokhala m'chipinda chake kuti agulitse nchito ya manja ake kwa anthu a maiko onse. Tiyeni titchule ena mwa iwo amene analowa pa khomo limeneli.

Ku mzinda wa Yekaterinburg m'dziko la Russia kuli bambo Alexander Zolotov. Iwo anatulutsa pulogalamu yao yotchedwa SunVox m'chaka cha 2008, ndipo inali yopepuka kotero kuti inayenda ngakhale pa timakompyuta ta m'thumba ta masiku amenewo, topanda mphamvu poyerekeza ndi lamya ya lero. Mu SunVox munthu alumikiza timabokosi ta mau ndi mizere, monga mlimi wa kudimba alumikiza ngalande, kuti mau otuluka m'bokosi limodzi adutse m'linzake nasinthike. Patapita zaka 14, mu Januwale 2022, bambo Zolotov anatulutsa SunVox 2.0, atakhala akuikonza ndi kuiwonjezera nthawi yonseyo. Ya pa kompyuta aipereka kwaulere. Ya pa lamya ndiyo aigulitsa, pa mtengo wochepa.

Ku Hamburg m'dziko la Germany, bambo Oliver Wittchow anayamba kale koposa apa. M'chaka cha 1998, akali wophunzira, anapanga Nanoloop, yoimbira pa Game Boy, kachipangizo kamene kampani ya Nintendo inapangira masewera a ana. Pambuyo pake anaisamutsira pa iPhone ndi pa Android. Anthu amene anaiyamba ali anyamata tsopano ali ndi ana aoao, ndipo dzina la Nanoloop likali kumveka.

Bambo Rej Poirier, mwini wa Single Cell Software, ndiwo analemba Caustic, imene inakondedwa kwambiri ndi eni malamya a Android otsika mtengo. Mtundu wake wachitatu, Caustic 3, unatuluka mu 2013. M'menemo munthu akhoza kusanjikiza makina oimbira ofika 14 nthawi imodzi, ena a ng'oma, ena a mau okhuthala a pansi, ena onga limba, nawasakaniza monga achitira m'nyumba zojambulira nyimbo. Ya pa kompyuta ya Windows anaipereka kwaulere.

Ku London, bambo Marek Bereza anatulutsa Koala Sampler mu 2019. Nchito yake njapafupi kuimva: ujambula mau ali onse ndi lamya, kaya kugunda kwa munsi mu mtondo, kaya kulira kwa tambala, ndipo mauwo akhala pa kabokosi kamene ukakagogoda kalira. Pogogoda timabokosi tosiyana motsatana, nyimbo ibadwa. Ku Sweden nako kuli bambo Jonatan Liljedahl, amene mu 2016 anatulutsa AUM, yosakanizira mau a mapulogalamu ambiri pamodzi. Alipo enanso ochuluka, koma awa atikwanira kuti tione mtundu wa anthu amene tiri kuwanena.

KUVUTA KWA NCHITO YAO

Musaganize kuti kulemba pulogalamu yoimbira ndi nchito ya masiku awiri. Lamya siidziwa nyimbo; idziwa manambala okha. Kuti mau amveke osalala, kawirikawiri iyenera kutulutsa manambala 44,100 pa sekondi iri yonse. Manambalawa satumizidwa limodzi limodzi, koma m'timitolo, ndipo kamtolo kamodzi kakhoza kukhala ka manambala 256. Werengerani nokha: ndiye kuti pulogalamu iyenera kumanga timitolo pafupifupi 172 pa sekondi, popanda kuchedwa ndi kamodzi komwe. Kamtolo kamodzi kakachedwa, womvera amva kuthetheka m'khutu ndipo nyimbo yaonongeka. Chifanana ndi anthu opatsirana njerwa pa mzere: mmodzi akayang'ana kumbali, mmisiri wa pamwamba atsala manja ali m'malere.

Mwina wina angati, "Bwanji osakulitsa mitoloyo kuti pakhale mpata wopumira?" Pamenepo pabuka vuto lina. Mtolo ukakula, mau achedwa kutuluka, kotero kuti chala chigogoda tsopano koma ng'oma ilira pambuyo pake. Ali yense amene anaimbapo ng'oma adziwa kuti zotere sizitheka kuvinira. Chifukwa chake mmisiri ayenda pakati pa maenje awiri, la kuthetheka ndi la kuchedwa.

Pa malamya a Android vutoli linali lalikulu zaka zambiri, pakuti malamya amenewa apangidwa ndi makampani ochuluka, ndipo mitundu yake iri zikwizikwi. Pulogalamu imene iyenda bwino pa lamya ya mkulu ikhoza kukana pa ya mng'ono wake. Mmisiri wokhala yekha sangagule mitundu yonseyo kuti aiyese. Adalira makalata a anthu omuuza pamene palakwika. Bambo Davy Wentzler a ku Netherlands, olemba Audio Evolution Mobile, ataona kuti Android siinali kulankhulana bwino ndi zipangizo zojambulira zolumikizidwa ndi chingwe cha USB, anakhala pansi nalemba njira yaoyao yolankhulirana nazo, m'malo modikira kuti kampani yaikulu ikonze.

NG'OMA IFUNA KUWAMBA

Pano ndipo pali mtima wa nkhani yathu. Ng'oma siithera pa tsiku losema. Chikopa chikazizira ayenera kuchiwamba pa moto, phula likagwa ayenera kumata lina, zikhomo zikagwedezeka ayenera kuzikhomanso. Mpando mmisiri akaugulitsa wathana nao, koma pulogalamu iri ngati ng'oma imene mwini woisema ayenera kuiwamba chaka ndi chaka, ngakhale inagulidwa kalekale.

Chifukwa chake nchakuti makampani akulu asintha maziko a malamya ao pafupifupi chaka chiri chonse. Mu Sepitembala 2017 Apple inatulutsa iOS 11, ndipo kuyambira pamenepo mapulogalamu onse omangidwa m'njira yakale yotchedwa 32-bit analeka kutseguka. Amene eni ake sanawamangenso m'njira ya 64-bit anafa pompo, ndipo anthu amene anasunga nyimbo zao m'menemo anayenera kusunganso lamya yakale kuti azitsegule. Nayo Google inalamula kuti kuyambira Ogasiti 2019 mapulogalamu atsopano, ndi okonzedwanso, akhale nayo njira ya 64-bit, ndipo chaka ndi chaka ikweza muyeso umene pulogalamu iyenera kufikapo kuti ionekebe pa msika kwa eni malamya atsopano.

Taonani chitsanzo china. Poyamba mapulogalamu oimbira a pa iPhone ndi iPad anali ngati nyumba zopanda njira pakati pake: mau a imodzi sanathe kulowa mwa inzake nthawi yomweyo. Amuna awiri odziimira okha, Michael Tyson wa ku Australia ndi Sebastian Dittmann wa ku Germany, ndiwo analambula njirayo ndi pulogalamu yao Audiobus mu Disembala 2012. Tyson ameneyu si wankhonya uja wa ku America ai, angofanana maina. Chaka chotsatira Apple inabweretsa njira yakeyake, Inter-App Audio; mu 2015 inabweretsanso ina, imene oimba aitcha AUv3; ndipo mu 2019 inalengeza kuti ya 2013 ija yakalamba, amisiri asaidalirenso. Pa kusintha kuli konse kotere mmisiri abwerera ku nchito imene anaitsiriza kale, naigwira miyezi, pamene wogula saona chatsopano chiri chonse. Angoona kuti pulogalamu yake yatseguka lero monga inatsegukira dzulo.

Si onse apirira mpaka kalekale, ndipo sitiyenera kuwaweruza msanga. Bambo Matt Borstel a ku England anatulutsa NanoStudio mu 2010, nikondedwa kwambiri. Koma yachiwiri yake, NanoStudio 2, inafika mu Disembala 2018, patapita zaka 8, pakuti anaimanga mwatsopano kuyambira pa maziko. Caustic nayo, ngakhale ikali m'mitima ya ambiri, inakhala zaka zochuluka yosalandira mtundu watsopano. Kampani yaikulu wanchito mmodzi akadwala ilemba wina. Koma mmisiri wokhala yekha akadwala, kapena mkazi wake akachira mwana, kapena akapeza nchito ina yodyetsa bwino banja lake, palibe wotola sompho pamene iye waisiya. Mutu umodzi susenza denga, anatero makolo. Ndipo chodabwitsa nchakuti ena mwa awa alisenza okha zaka zoposa khumi.

MALIPIRO AO

Tsopano tiwerenge za ndalama. Wofuna kugulitsa pa msika wa Apple alipira madola 99 chaka chiri chonse. Wa Google alipira madola 25 kamodzi. Pamwamba pa izi, zaka zambiri misika iwiriyi inali kutenga magawo 30 mwa 100 a mtengo wa pulogalamu iri yonse yogulidwa. Mu 2021 anachepetsa gawolo kufika pa 15 kwa amisiri ang'ono, Apple kuyambira Januwale ndi Google kuyambira Julayi. Tiyerekeze pulogalamu ya madola 10: kale mmisiri analandirapo madola 7, ndipo pa muyeso wa 2021 alandira 8 ndi theka, msonkho wa boma usanachoke. Ndalama imeneyi ailandira kamodzi kokha. Koma wogulayo akhoza kuimbira pulogalamuyo zaka khumi, nalemba makalata ofunsa chithandizo, nayembekeza kuti idzakonzedwa pa kusintha kuli konse kwa lamya. Kodi alipo mmisiri wa njinga pa msika wathu amene angalole kulipidwa tsiku limodzi, nakonza njinga yomweyo kwaulere mpaka ana a mwini wake atakula?

Chifukwa cha ichi amisiri afunafuna njira zina. Ena agulitsa pulogalamu motchipa, nagulitsa padera zowonjezera kwa ozifuna. Koala Sampler ichita motero. Ena alipiritsa mwezi ndi mwezi, koma oimba ambiri aida njirayi, pakuti ukaleka kulipira chipangizo chikutsekera. Bambo Tyson, potulutsa Loopy Pro mu Disembala 2021 atainyamula zaka zambiri, anaika pangano lotere: wogula alandira zatsopano zonse za chaka chimodzi, chaka chikatha pulogalamu ikhalabe yake monga iliri, akafuna zimene zawonjezedwa pambuyo pake, alipiranso ndalama yocheperapo. Pangano limeneli likumbutsa wogula kuti kuwamba ng'oma nako ndi nchito.

NKHANI YA NYIMBO IMODZI

Mu Malichi 2014, pa wailesi ya kanema ku America, woimba wotchuka Billy Joel ndi mwini pulogalamu ya usiku Jimmy Fallon anatenga iPad, natsegula Loopy ya bambo Tyson. Anajambula mau ao pang'ono, mauwo nayamba kubwerezeka okha. Anasanjikapo ena, ndi enanso, mpaka amuna awiri anamveka ngati kwaya yathunthu. Anthu miyandamiyanda anaona, ndipo ambiri anathamangira kukagula pulogalamuyo. Linali tsiku la mwai kwa mmisiri amene anagwira gawo lina la nchito yake ali kuyendayenda m'maiko a ku Ulaya, nagona m'galimoto yokhala ngati nyumba.

Koma nyimbo imene anaimba usiku umenewo, The Lion Sleeps Tonight, iri ndi mbiri yotiphunzitsa kanthu. Muzu wake ndi nyimbo yotchedwa Mbube, imene Mzulu wina, Solomon Linda, anajambula ku Johannesburg mu 1939 pamodzi ndi gulu lake la Evening Birds. Mbiri isimba kuti anaigulitsa pa masheleni 10. Nyimboyo inaoloka nyanja, nisinthidwa, nilemeretsa anthu ambiri, pamene Linda anamwalira wosauka mu 1962. Ana ake anadikira kufikira 2006, pamene mlandu unatha ndi pangano lakuti banjalo lizilandirako gawo. Onani tsono: usiku umodzi, nyimbo imodzi, amisiri awiri. Wina dzina lake linamveka akali moyo nalandira mphotho. Wina dziko linamkumbukira atagona m'manda zaka zoposa 40. Ife tisakhale m'gulu la oiwala.

NANGA IFE TICHITENJI?

Choyamba, tidziwe maina. Inu makolo, mwana akakuonetsani pulogalamu imene aimbira, mfunseni kuti, "Anaipanga ndani?" Dzinalo lilembedwa pa msika pansi pa dzina la pulogalamu. Mwana amene aphunzira kufunsa funso ili adzalifunsanso pa mpando, pa buku ndi pa chitsime, ndipo adzakula wodziwa kuti zinthu zabwino ziri ndi eni ake amene anazikhetsera thukuta.

Chachiwiri, tipewe mapulogalamu othyoledwa. Achinyamata apatsirana pa lamya mapulogalamu ogulitsa amene wina anathyola loko wake kuti atseguke kwaulere, ndipo ambiri sayesa kanthu, poganiza kuti abera kampani yolemera ya kutali. Kawirikawiri amene aberedwa ndi bambo mmodzi wokhala ndi lendi ndi ana a sukulu monga inu. Ndiponso wothyola loko akhoza kubisamo zakezake zoipa, zoba manambala achinsinsi. Ndipo pa lamya imene banja lisungirapo ndalama, ngozi imeneyi si yaing'ono. Tidziwa kuti ndalama isowa, ndi kuti kulipira pa misika imeneyi nkovuta kwa wopanda khadi la ku banki. Koma njira zoongoka ziripo: amisiri ena apereka mitundu yaulere kapena yoyesera ndi manja ao, monga SunVox ya pa kompyuta, ndipo wachibale wa m'tauni kapena wa ku Joni akhoza kuthandiza mwana waluso kugula yeniyeni. Mtengo wa zambiri mwa izi ndi madola owerengeka, wosafika konse pa mtengo wa gitala.

Chachitatu, pulogalamu ikalakwa tinene mwaulemu ndi momveka. Kulemba pa msika kuti "Nchachabe ichi" ndi kupereka nyenyezi imodzi kuthamangitsa ogula ena, ndipo sikuthandiza mmisiri kupeza chilema. Koma wolemba kuti, "Lamya yanga ndi ya mtundu wakuti, Android yake ndi yakuti, ndikajambula mau kenaka nkukhudza batani lakuti, pulogalamu itseka," ameneyo wampatsa mmisiri mphatso, pakuti wamuonetsa chimene sakadatha kuchiona ali kwao. Amisiri ang'ono ambiri ayankha makalata okha ndi dzanja lao, chinthu chimene simudzachipeza kawirikawiri ku kampani yaikulu.

Chachinai, tithokoze pamene zinthu ziri bwino. Anthu alemba kalata pakaonongeka kanthu. Pakayenda bwino akhala chete. Motero mmisiri adzuka m'mawa napeza madandaulo okhaokha, ngakhale okondwa ali zikwi. Mau awiri akuti zikomo, nyenyezi zisanu pa msika, kapena kumtumizira nyimbo imene mwapanga ndi chipangizo chake, sizidya ndalama koma kadeta pang'ono. Kupatsa nkuika: mmisiri wolimbikitsidwa lero ndiye adzakonza pulogalamu yanu chaka chamawa.

Chachisanu, tisunge nyimbo zathu mwanzeru. Popeza taona kuti pulogalamu ikhoza kufa, nyimbo ikatha muitulutse m'maonekedwe omveka pa chipangizo chiri chonse, monga WAV kapena MP3, ndi kuisunga pa memori khadi kapena pa malo ena achiwiri. Musasinthe msanga maziko a lamya musanafunse ngati pulogalamu imene muidalira idzayendabe.

Potsiriza, mau kwa inu achinyamata. Mukapita kwa agogo kukajambula bangwe yao, kaligo, sansi kapena nyimbo ya pamtondo kuti muiike m'nyimbo zanu, yambani mwapempha, ndipo nyimbo ikatuluka tchulani dzina lao. Ikabala kanthu, agawireni. Kumbukirani Solomon Linda. Ulemu umene tipempha kuti muchitire mmisiri wa ku Russia kapena ku Sweden uyambire pa khomo panu. Ndipo inu atate ndi amai, mwana akatsiriza za kumunda ndi za kusukulu nakhala pa khonde ndi lamya yake, musafulumire kunena kuti ali kutaya nthawi. Khalani naye pang'ono, mumve chimene wapanga, ndipo mufunsane za munthu wa kutali uja amene anasema ng'omayo, amene mwina usiku womwewo ali maso kuiwamba kuti mawa ilirenso.